Chilango Chikalowa M'nyumba

Amayi anzanga, tonse tikudziwa chimene chimachitika pakhomo bambo akatsekeredwa m'ndende. Ntchito imatha, ngongole zimaunjikana, ana amayamba kujomba kusukulu, ndipo mayi amasanduka bambo ndi mayi nthawi imodzi. Woweruza amalanga munthu mmodzi, koma njala imagwera banja lonse. Lero ndifuna tikambirane za njira imene anthu a ku America amalangira opalamula milandu ing'onoing'ono, imene iwo amaitcha probation. Wolakwayo sapita kundende ayi. Amabwerera kwawo nakhala pansi pa maso a mkulu woyang'anira kwa nthawi imene khoti lagamula. Ambiri amaitama njira imeneyi, ndipo nanenso ndimaitama, komatu ili ndi mbali ina imene sikambidwa kawirikawiri. Chilango chikalowa m'nyumba, amene amachisenza kwambiri ndi mayi.

Njirayi inayamba ndi mmisiri wosoka nsapato wa mumzinda wa Boston, dzina lake John Augustus. M'chaka cha 1841 iyeyu anali m'khoti pamene munthu wina anali kuzengedwa mlandu wa uchidakwa. Augustus anapempha woweruza kuti asam'tumize kundende munthuyo, koma am'pereke m'manja mwake, nalonjeza kudzabwera naye patapita masabata atatu. Tsiku litakwana, chidakwa chija chinaonekera chili chaukhondo ndi chodziletsa, kotero kuti woweruza anangochilipiritsa senti imodzi pamodzi ndi ndalama za khoti. Pofika nthawi ya imfa yake mu 1859, mmisiriyu anali ataimirira anthu pafupifupi 2,000, amuna ndi akazi omwe. Kwathu kuno munthu wotere tikanamutcha nkhoswe, pakuti anali kuika dzina lake ndi chuma chake pachiswe chifukwa cha khalidwe la munthu wina. Mu 1878 chigawo cha Massachusetts chinakhazikitsa lamulo loyamba lolemba munthu wolipidwa kuti azigwira ntchito ya unkhoswe imeneyi.

Dziko la America linagawidwa m'zigawo zikuluzikulu, ndipo pafupifupi chigawo chilichonse chinagawidwanso m'maboma ang'onoang'ono otchedwa county, monga momwe ife tilili ndi boma la Dedza kapena la Mulanje. M'zigawo zina, monga California ndi Pennsylvania, ntchito yoyang'anira olakwa ali pakhomo ili m'manja mwa maboma ang'onoang'onowa. California ali nawo 58, ndipo lililonse lili ndi ofesi yakeyake. Nzeru yake njakuti anthu a pafupi ndiwo adziwa kumene kuli ntchito, kumene kuli chipatala cha omwerekera ndi mowa, ndiponso kumene kuli mabwenzi oipa. Mu 1965 chigawochi chinakhazikitsa lamulo lopatsa maboma ang'onoang'ono ndalama zofika madola 4,000 pa munthu aliyense amene am'sunga pakhomo m'malo mom'tumiza kundende yaikulu. Mu 2011, khoti lalikulu la dziko lonse litalamula kuti California achepetse akaidi m'ndende zake zimene zinadzaza pafupifupi kawiri kuposa muyeso wake, chigawocho chinatula olakwa ambiri a milandu yopanda chiwawa m'manja mwa maboma omwewa. M'dziko lonse la America, anthu achikulire amene anali pa probation mu 2022 anali pafupifupi 3 miliyoni, kuposa onse amene anali m'ndende.

Ine ndinaziona zimenezi ndi maso anga mu 2019, pamene ndinapita ku California kukathandiza mwana wanga amene anali m'chikuta. Pafupi ndi nyumba yathu panali banja lina la ana atatu. Bambo wa pakhomopo anapezeka ndi katundu wakuba amene anagula motchipa, ndipo khoti linamuika pa probation kwa zaka zitatu. M'mawa uliwonse ndinali kumuona akunyamuka ndi chakudya chake m'kathumba kupita kokamanga nyumba, ndipo madzulo anali kubwera naseweretsa kamwana kake pakhonde. Mtima wanga unakondwera, pakuti ndinadziwa kuti akanakhala kundende anawo akanagona ndi njala, mwinanso kuthamangitsidwa m'nyumba.

Koma titazolowerana ndi mkazi wake, ndinamva za mtolo umene unali pamutu pake. Iyeyo ndiye anali kusunga kalendala ya masiku okaonekera kuofesi, chifukwa kuphonya tsiku limodzi lokha kukanatha kubwezera mwamuna wake kukhoti. Iyeyo ndiye anali kupatula ndalama za mwezi ndi mwezi zolipirira kuyang'aniridwako, ndi zina zobwezera mwini katundu. Oyang'anira anali ndi ufulu wofika pakhomo nthawi iliyonse ndi kufufuza m'nyumba, motero chipinda chake chogona chinali chosabisika kwa alendo ngakhale kuti iye sanalakwe kanthu. Achimwene ake, amene anamangidwapo kale, anawaletsa kubwera kudzacheza, poopa kuti mwamuna wake angaoneke ngati akuyenda ndi anthu oipa. Apongozi ake atadwala kuchigawo china, iye ndiye analemba kalata yopempha chilolezo cha ulendo, nadikira yankho usiku ndi usana. Tsiku lina anandiuza kuti: "Mayi, khoti linagamula mwamuna wanga, koma mlonda wa ndendeyi ndine."

Mawu amenewa anandipatsa maganizo ambiri. Unkhoswe wa Augustus unali wa masabata owerengeka, ndipo cholinga chake chinali kudzutsa munthu wogwa. Koma nthawi ikatalika, malamulo akachuluka, ndipo chifundo chikakhala ndi mtengo wolipira, probation imasanduka msampha wotchera osauka. Anthu ambiri ku America abwerera kundende osapalamula mlandu watsopano, koma chifukwa chophonya tsiku, kusowa thiransipoti, kapena kulephera kulipira. Mnyamata wina wa ku Georgia, Danny Bearden, analamulidwa kulipira madola 750. Anabwereka 200 kwa makolo ake, kenaka ntchito inam'thera, ndipo anatsekeredwa chifukwa chosowa zotsalazo. Mu 1983 khoti lalikulu linagamula kuti nkosaloleka kutsekera munthu chifukwa cha umphawi wokha, woweruza asanafufuze ngati munthuyo anayesetsa kupeza ndalamazo. Woyimba wotchuka wa ku Philadelphia, Meek Mill, anakhala pa probation zaka pafupifupi khumi, ndipo mu 2017 anagamulidwa kukhala m'ndende zaka ziwiri mpaka zinayi chifukwa chophwanya malamulo ake. Anatuluka mu 2018 anthu atadandaula kwambiri.

Chosangalatsa nchakuti madandaulo otere anamveka. Kuyambira mu 2021, ku California nthawi ya probation inafupikitsidwa: chaka chimodzi pa milandu yambiri yaing'ono, ndi zaka ziwiri pa yambiri yokulirapo. M'chaka chomwecho chigawocho chinathetsa ndalama zolipirira kuyang'aniridwa. Nako ku Pennsylvania, mu 2023, kunakhazikitsidwa lamulo lochepetsa kutsekera anthu chifukwa cha zophophonya zazing'ono. Opanga malamulo anazindikira kuti munthu amene akufuna kusintha amaoneka m'miyezi yoyambirira, ndipo kum'manga chingwe zaka zambirimbiri kumangowonjezera mpata woti apunthwe.

Tsono ine ndikuti njira imeneyi njabwino ikakhala yaifupi, ya malamulo ochepa omveka bwino, ndiponso yosadalira kulemera kwa thumba. Woyang'anira wanzeru sayang'ana wolakwa yekha. Amafunsanso mayi wa pakhomopo ngati akupirira, ndipo makamaka ngati ali pamtendere. Pakuti pali milandu ina, monga ya mwamuna womenya mkazi wake, imene kum'bweza munthu kunyumba popanda chitetezo kuli ngati kutsekera mbuzi m'khola limodzi ndi fisi. Chifundo kwa wolakwa chisakhale nkhanza kwa wolakwiridwa.

Kwathu kunonso makhoti amapereka chilango chogwira ntchito yothandiza anthu m'malo mwa ndende, ndipo ena a inu mwaonapo munthu akulambula pachipatala kapena pakhoti, madzulo nabwerera kwawo. Kuseri kwa munthu ameneyo kuli mayi amene amam'dzutsa m'mamawa, nam'phikira, napirira zala zoloza pachitsime ndi pamsika. Mutu umodzi susenza denga, amayi anzanga. Mukamuona mayi wotere musam'tembenukire msana. Mufikireni pakhomo, mum'sungireko ana tsiku limene waperekeza mwamuna wake kukhoti, ndipo pamaliro ndi paukwati mum'patse malo ake pakati panu monga kale.