Bram Stoker ndi anamapopa athu

Ana ambiri a Fomu 3 ndi 4 dzina la Dracula amalidziwa chifukwa cha mafilimu a m'tinyumba toonetsa kanema tapamsika tija. Koma afunseni amene analemba nkhaniyo, m'kalasi muti zii. Mwini wake ndi Bram Stoker, mmodzi wa alembi a nkhani zimene Azungu amazitcha gothic, zija za manda, mizukwa ndi nyumba zakale zamdima. Ine ndimati ife Amalawi tiyenera kumuwerenga kuposa Azungu eni ake, chifukwa chimene iye analemba ngati nthano, kuno chinaphetsa anthu.

Stoker anabadwa m'chaka cha 1847 ku Clontarf, kufupi ndi Dublin, m'dziko la Ireland. Chimenecho chinali chaka choipitsitsa cha njala imene inagwa mbatatesi zitaola m'minda. Mwanayo anali wodwaladwala, moti anakhala chigonere kufikira zaka 7. Mayi ake, a Charlotte, anapulumuka mliri wa kolera umene unasakaza tawuni ya Sligo mu 1832, ndipo ankasimba za odwala amene ankaponyedwa m'manda mzimu usanachoke. Tangoganizani mwana amene sangathe kutuluka panja kukasewera, akumva zoterezi usiku.

Atachira anaphunzira ku Trinity College, nagwira ntchito m'boma. Mu 1878 anasamukira ku London kukayendetsa nyumba ya zisudzo ya Lyceum, ya katswiri Henry Irving, amene anamutumikira zaka 27. Zolemba ankachita akaweruka. Analemba mabuku ena, monga The Jewel of Seven Stars mu 1903 ndi The Lair of the White Worm mu 1911, koma kunena zoona sakufika pa Dracula. Anamwalira mu 1912 ali wosalemera.

Dzina la Dracula analipeza mu 1890 m'buku la mulaibulale ya ku Whitby, tawuni yam'mbali mwa nyanja kumene anapita kutchuthi. Bukulo linatuluka mu 1897. Ku Transylvania, kwawo kwa chilombocho, iye sanapondeko phazi. Chimene chimandikoka ine si mano aatali aja ayi, koma kuti Dracula ndi mlendo wachuma. Akubwera pa sitima yapamadzi ndi mabokosi a dothi, akugula nyumba kudzera kwa maloya, akuyenda usiku, ndipo kumene wafika anthu akuyamba kuwonda ndi kufa mosadziwika bwino. Madokotala nawonso ali kalikiliki ndi magazi: mtsikana wotchedwa Lucy akuthiridwa magazi a amuna anayi osiyana, koma akufabe. Nthawiyo nkuti Karl Landsteiner asanatulukire, mu 1901, kuti magazi ali m'magulu.

Mlendo, chuma, usiku, magazi. Abale anga, kodi si mphekesera yathu yomwe ija? Kumapeto kwa 2002, njala itavuta, kunamveka kuti boma likusinthanitsa magazi a anthu ndi chimanga cha thandizo, ndipo mu Januwale 2003 a Eric Chiwaya, gavanala wa chipani cholamula ku Blantyre, anagendedwa mpaka kugonekedwa m'chipatala. Mu 2017 zinabukanso ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mpaka kufika ku Blantyre. Anthu anaphedwa powaganizira kuti ndi anamapopa, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena. Ophedwawo sanali mizukwa. Anali anthu apaulendo, achilendo kuderalo, ena odwala.

Komabe ine sindiseka agogo amene amatseka chitseko akamva galimoto usiku. Ife a ku Mangochi tikudziwa kuti kuba anthu si nthano. Zaka zomwezo Stoker ankalemba buku lake, kuno anthu ankasowadi, kumangidwa magoli n'kuyendetsedwa wapansi kukagulitsidwa ku Kilwa. Fort Johnston, imene inabala tawuni yathuyi, inamangidwa mu 1891 m'mbali mwa Shire pofuna kutseka njira ya akapolo yomweyo. Mantha oterowo satha ndi mbadwo umodzi, amangosintha chovala. Njala kapena mliri zikafika, amadzuka.

Pali chinthu china m'bukuli chimene mafilimu amachitaya, ndipo ndi chimene ndimafuna ana asukulu achione. Mulibe wofotokoza mmodzi wodziwa zonse. Nkhani yonse yalukidwa ndi makalata, madayale, matelegalamu ndi zodula m'nyuzipepala. Aliyense waona kachidutswa kake, wina wangomva kwa mnzake, ndendende mmene nkhani imayendera pachigayo kapena padoko asodzi akamayanika usipa. Mina, mkazi wa Jonathan Harker, ndiye akusonkhanitsa zonse n'kuzitayipa kuti aone ngati zikugwirizana. Ndikamaphunzitsa kulemba lipoti ndimawafunsa ana mafunso omwewo: waona ndani ndi maso ake? Liti? Wauzidwa ndi yani?

Ndiye Stoker, wochenjera uja, akutseka bukulo modabwitsa. Patapita zaka 7, Jonathan akutulutsa mapepala aja n'kuona kuti pafupifupi onse ndi makope otayipa, enieni ambiri anapsa. Iye mwini, amene anagona m'nyumba ya Dracula, akuvomera kuti palibe amene angawalandire ngati umboni.