Kwa mphwanga wa kabaza, za dzimbiri la pa njinga

Mphwanga wokondedwa,

  Ndamva kuti mahandulo ndi malimu a njinga ija ayamba mathothomathotho a dzimbiri, ndipo anzako a pa siteji akukuuza kuti ukweche ndi sandipepa. Chonde usatero. Usagwiritsenso ntchito mchenga, phulusa kapena waya wokwechera mapoto.

Chonyezimira chija si chitsulo chonse ayi. Ku fakitale amatenga chitsulo wamba, kuchikuta ndi nikelo, kenako pamwamba pake n’kuikapo kachikuto ka chrome pogwiritsa ntchito magetsi. Kachikuto kameneka n’kopyapyala kwambiri, moti tsitsi limodzi la m’mutu mwako limakaposa kunenepa maulendo 50 kapena kuposerapo. Chrome payokha sichita dzimbiri lofiira. Dzimbiri ukuliwonalo likuchokera m’chitsulo cha pansi: madzi amalowa pa timing’alu ndi timabowo tosaoneka ndi maso, dzimbiri n’kutulukira pomwepo n’kumwazikira pamwamba. N’chifukwa chake nthawi zambiri chrome yoyandikana ndi dontho imakhala ikadali yabwinobwino. Sandipepa amachotsa dzimbiri limodzi ndi chikutocho. Lero njinga iwala, koma mvula ikangogwa kawiri katatu chitsulo chonse chifiira, ndipo palibe mankhwala a m’nyumba amene angabwezeretse chrome yomwe yapalidwa.

Yamba ndi kutsuka ndi madzi a sopo kuti fumbi ndi matope zichoke, chifukwa timchenga totsalira ndi timene timakanda. Ukatero pezako pepala la aluminiyamu, lija amakulungira nyama yowotcha. Mapaketi onyezimira a tchipisi sathandiza, amenewo ndi pulasitiki. Ng’amba kachidutswa, ukafinye pang’ono, ukaviike m’madzi, n’kumapukuta padzimbiripo mofatsa. Aluminiyamu ndi wofewa kuposa chrome, choncho amapala dzimbiri koma chrome n’kuisiya. Pakayamba kutuluka timatope totuwa usadabwe, ndi pepalalo likuperepeseka, ndipo timatope tomweto timathandiza kuwalitsa. Ine njira imeneyi ndimaikhulupirira kuposa zina zonse, ndipo pepala lake ndi lotchipa.

Dzimbiri likakanika, viika pepalalo mu viniga m’malo mwa madzi. Viniga wa m’sitolo amakhala ndi asidi pafupifupi magawo 5 pa 100 alionse, wokwanira kufewetsa dzimbiri. Madzi a mandimu amagwiranso ntchito yomweyo. Nyowetsa kansanza, ukakulunge pamalopo kwa mphindi 10 kapena 15, kenako upukute. Usasiye usiku wonse, poti asidi akalowa m’timabowo tija amayamba kudya chitsulo cha pansi. Ena amathira Coca-Cola, ndipo n’zoona kuti ali ndi asidi wochotsa dzimbiri, koma amasiya shuga womata woitana nyerere; ndalama imeneyo kuli bwino ugulire ana. M’makona, monga mozungulira belu ndi m’tsinde mwa masipoko, gwiritsa ntchito mswachi wakale ndi phala la soda wophikira.

Pali chinthu chimodzi choopsa chimene uwauzenso a m’nyumba mwako: viniga asasakanizidwe ndi Jik. Zikakumana zimatulutsa mpweya wa chlorine umene umawononga mapapo.

Ambiri amalakwitsa pomaliza. Ukachotsa dzimbiri, timabowo tija timatsala pululu. Tsukuluza ndi madzi oyera, osawalowetsa pakati pa gudumu pomwe pali girisi, ndipo uumitse ndi nsalu youma mpaka pasatsale chinyezi. Kenako paka pang’ono polishi wa pansi wosakhala ndi mtundu, kapena Vaseline, kuti madzi asapezenso polowera. Kuyambira Novembala mpaka Epulo uzipukuta njinga madzulo alionse ukaweruka, ndipo izigona m’nyumba, osati pakhonde pomwe mame amaipeza. Thukuta la m’manja nalonso lili ndi mchere, n’chifukwa chake mahandulo amayamba msanga kuwonongeka.

Koma m’mbali mwa limu, momwe mabuleki amagwira, musafike polishi kapena mafuta a mtundu uliwonse. Malimu achitsulo amaterera kale kukagwa mvula, ndiye ukawonjezerapo mafuta njinga siima pamtsetse, pomwe pa kaliyala wanyamula mayi ndi mwana kumsana.

Uchotsenso tayala ndi chubu uone mkati mwa limu, chifukwa madzi amabisala m’menemo. Ukapeza chitsulo chikufundukuka makwambamakwamba, kapena mabowo a masipoko adyeka, usavutike ndi viniga. Limu limenelo latha, ukagule lina usananyamulenso munthu. Ngati ndalama zaperewera undiuze, tithandizana.

Upereke moni kwa onse kumeneko.

Ndine,
Mkulu wako