MLUZU WA M'GALIMOTO YA AMALUME

Anzanga, ndifuna kukusimbirani mlandu umene unandigwera pa chuthi ca mwezi wa August ine wosaupalamula. Ndinapita kukakhala kwa amalume anga ku Dedza, amene ali ndi galimoto yao ya Toyota yonyamulira mbatata za kacewere kucokera ku msika wa Lizulu kupita nazo ku Lilongwe. Nchito yanga inali yokweza ndi kutsitsa matumba.

Tsiku lina tiri pa mseu, tayala la lole imene inali patsogolo pathu linaponya mwala pa galasi lathu la kutsogolo, ndipo mng'alu unayenda kucokera pansi kufikira pamwamba. Poopa apolisi a pa mseu, amalume anapita kwa anthu ena a ku Lilongwe amene anatiikira galasi lina. Tinanyamuka kubwerera kwathu dzuwa litalowa kale.

Titangopitirira pa Nathenje, tinamva mluzu wautali, fyooo! Amalume anandiyang'ana ndi diso loipa, nacepetsa liwiro, nati, "Mphwanga, kodi ndiwo mwambo wa ku sukulu umenewu, kuimba mluzu usiku pamaso pa akulu?" Ine ndinati, "Iai malume, si ine." Koma tsoka ilo, iwo atacepetsa liwiro mluzu uja unaleka, ndipo anati, "Waona? Ndakudzudzula, wasiya." Zimenezi zinacitika katatu tisanafike ku Dedza, ndipo usiku umenewo nsima ndinaidya ndiri cete.

M'mawa mwace ndinakwera galimoto ndiri ndi nzimbe m'kamwa, ndipo mluzu unabwera ine ndirikutafuna. Pamenepo mlandu unacoka pa ine, koma unapita poipa koposa. Agogo anati pali munthu wa njiru amene waikira galimoto mankhwala, ndipo amalume anayamba kuchula dzina la mnzao wina wa ku msika amene anakangana naye pa mtengo wa mbatata. Ndalama zopita nazo kwa sing'anga zinali zitapatulidwa kale. Ine mtima unandiwawa, pakuti bambo ameneyo ndiye amene ankandipatsa nthoci masiku onse.

Tsono ndinakumbukira tsiku limene aphunzitsi athu a sayansi anatiuza kuti tiuzire mpweya pakamwa pa botolo, botololo nkulira. Ndinayamba kuyang'anitsitsa singano ya liwiro. Mluzu unkayamba singano ikafika pa 60, unkakwera tikathamanga, ndipo unkaleka tikaima. Kodi mfiti iti imene imayang'ana singano? Tinatseka mazenera onse, koma sunaleke. Ndinapempha amalume kuti andilole tsiku limodzi lokha asanapite kwa sing'anga. Anaseka, komabe anandipatsa ndalama ya tepi ya pepala.

Ndinamata tepi kuzungulira m'mphepete monse mwa galasi, kunja kwace, pamene mphira imakumana ndi citsulo. Tinathamanga mpaka 80, ndipo munali zii. Amalume anafuna kuti tepiyo ikhale pomwepo mpaka kale, koma ine ndinati tiyeni tiicotse pang'ono pang'ono. Ndinayamba ndi ya pansi, pa pulasitiki imene iri kunsi kwa zopukutira mvula, pakuti amakanika amati pamenepo pamavuta kawirikawiri ngati sanapabwezere bwino. Tinayenda, osamva kanthu. Ndinacotsa ya ku dzanja lamanja, kwa oyendetsa, cimodzimodzi. Koma nditacotsa kacidutswa ka pa ngodya ya pamwamba ku dzanja lamanzere, mluzu unabwerera mwamphamvu. Ngodya imeneyo iri pamwamba pa mutu wa munthu wokhala pa mpando wanga, ndico cifukwa cace amalume anaumva ngati ukucokera pakamwa panga.

Kuti asakayike, tinapita pa malo omwetsera mafuta. Ndinapaka thovu la sopo pa ngodyayo kunja, amalume nauzira mpweya wopopera matayala kucokera mkati. Thovu linatukumuka monga momwe cubu ca njinga coboola cimacitira m'madzi.

Amalume anati tingotsekapo ndi silikoni basi. Koma makanika wina wacikulire amene anaima pafupi anawaletsa. Anatifotokozera kuti magalasi a galimoto za masiku ano amamatidwa ku citsulo ndi ulimbo wakuda wochedwa urethane, ndi kuti galasi lomatidwa bwino limathandiza kucirikiza denga galimoto ikagubuduzika. Anatinso thumba la mpweya limene limafufuma pa ngozi kutsogolo kwa wokwera limatsamira galasi lomwelo, cotero galasi likakhala losagwira likhoza kucoka. Silikoni angatontholetse mluzu, koma ulimbo wosagwirawo ukhala comweco, ndipo mvula ikayamba madzi adzapeza njira. Nditamva za thumbalo ndinayang'ana mpando wanga ndi maso ena.

Tinabwerera kwa oika galasi aja. Poyamba anakana, nati ndi mphepo cabe, koma titawacitira za sopo pamaso pao anasowa conena. Atacotsa galasi tinaona dzimbiri pa citsulo, kutalika kwace ngati cala canga, ndipo pamenepo ulimbo sunagwire konse. Anapala dzimbirilo, napakapo mankhwala, namata galasi kaciwiri osalipiritsa. Galimoto inagona komweko kuti ulimbo uume, mazenera ali otsegula pang'ono, ndipo anatilangiza kuti tisamenyetse zitseko.

Ndalama za sing'anga zija zinagula feteleza. Agogo mpaka lero amati mfitiyo inangothawa sopo. Amalume sanandipepese, koma pobwerera, titapitirira pa Nathenje singano iri pa 80, ndinamvanso mluzu. Nditaceuka ndinaona kuti ndi iwo amene akuimba, ndipo dzuwa linali litalowa.