Mizere 14 ndi Bwato la pa Matope

Masana ndimaphunzitsa Chingerezi pasekondale ina ku Balaka, usiku ndimasema ndakatulo. Luso losemali ndinaliphunzira kwa soneti, ndakatulo ya mizere 14 imene inatchuka ndi Petrarch ku Italy, kenako Thomas Wyatt ndi Henry Howard n'kuilowetsa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1500.

Chimene soneti inandiphunzitsa n'chakuti nkhani ya ndakatulo ndi mfundo yake yaikulu ndi zinthu ziwiri. Tikawerenga "Ozymandias" ya Shelley, ya mu 1818, ana amakweza manja: "Aphunzitsi, ikunena za chiboliboli chogumuka m'chipululu." Sanalakwe, koma aima pakhomo. M'nyumbamo muli mfundo yakuti ufumu ndi kudzitama zimatha. John Milton, amene anachita khungu cha m'ma 1652, analemba za maso ake, koma chimene ankalimbana nacho ndi funso lakuti munthu wolumala angatumikire bwanji Mulungu. Mwa masoneti 154 a Shakespeare osindikizidwa mu 1609, ya nambala 73 imaonetsa masamba oyoyoka, dzuwa lolowa ndi moto wozilala. Zonsezo zanyamula ukalamba ndi chikondi chimene chimakula nthawi ikamatha.

Nzeru imeneyi si yachilendo kwa ife. Agogo akati mutu umodzi susenza denga, palibe amene amayamba kuganiza za phaso ndi udzu.

Mu 2018 nyanja ya Chilwa itaphwa, ndinapita kwathu kwa Mposa ku Machinga. Mabwato anali gadaa pamatope ong'aluka, maukonde ali lende m'mitengo. Ndinalemba mizere 14 yodzaza mabwato, maukonde ndi matemba osowa, n'kuwawerengera mayi anga. Atamvetsera anati, "Mwanawe, zonsezi taziona ndi maso athu. Nanga iwe ukuti chiyani?"

Funso lawolo linandibwezera ku kamangidwe ka soneti. Mizere isanu ndi itatu yoyamba imayala nkhani, ndipo pamzere wachisanu ndi chinayi ganizo limakhota, ngakhale Shakespeare kawirikawiri amasungira nkhonya yake m'mizere iwiri yotsiriza. Pokhotera pamenepo m'pamene nkhani imabala mfundo. Yangayo inalibe pokhotera.

Ndinabwerera kudoko, ndipo ndinapeza msodzi wachikulire akumata ming'alu ya bwato lake ndi phula, madzi kulibe. Iye anaionapo nyanjayi ikuphwa mu 1968 ndi mu 1995, n'kudzadzanso. Ndinamuika pamzere wachisanu ndi chinayi. Mawu akuti chiyembekezo sindinawalembe paliponse. Phula lija ndilo linawanena.

Kusema soneti m'Chichewa kuli ndi thukuta lake. Mzere wa Chingerezi umakhala ndi maphatikizo khumi, pamene liwu lathu limodzi, monga "sindinakuonenso", ladya kale asanu ndi awiri. Choncho ndimatalikitsako mzere, n'kumauwerenga mokweza mpaka ugwirizane ndi mpweya. Mawu athu onse amathera ndi lembo la liwu, motero kufananitsa mathero a mizere n'kosavuta, ndipo msampha uli pomwepo: ndakatulo imatha kulira bwino ilibe kanthu m'kati.

Inu achinyamata amene mukufuna kulakatula, sankhani chinthu chimodzi chimene mukuchidziwa: mlambe, thonje losagulidwa, sitima yodutsa pa Nkaya. Chiyang'anitsitseni mpaka chikuuzeni za moyo wa munthu, ndipo mukatero mugwire cholembera.