R300 miliyoni ku ofesi, R1,000 pansi pa mgodi

Mu Marichi 2022, anthu zikwizikwi ogwira ntchito m'migodi ya golide ya kampani ya Sibanye-Stillwater ku South Africa anayamba sitalaka. Pempho lawo linali losavuta kumva: awonjezeredwe R1,000 pa malipiro a pamwezi. Kampani inkati ingathe kufika pa R800 kapena kupitirirako pang'ono, koma R1,000 ayi. Sitalaka ili mkati, lipoti la pachaka la kampaniyo linatuluka, ndipo linasonyeza kuti mkulu wake, a Neal Froneman, anapeza pafupifupi R300 miliyoni m'chaka cha 2021. Dzina loti Sibanye limatanthauza kuti "ndife amodzi".

Nkhani ngati iyi ikabwera pakati pa ife ophunzira, sipalephera kupezeka wina wonena kuti, "Imeneyo ndi nsanje chabe, munthu anaphunzira, msiyeni adye." Ndimamvetsa chifukwa chake timayankhula choncho. Ambirife tinabwera ku yunivesite kuti tithawe khasu, ndipo tikamva za bwana wolandira mamiliyoni timadziona tokha pampando wakewo zaka 20 zikubwerazi. Palibe amene amadziona ali makilomita atatu pansi pa nthaka, chibowolero chili m'manja. Ine sindikutsutsa zoti mkulu wa kampani azilandira zambiri kuposa wokumba mgodi. Chimene chimandivuta ndi ichi: mwayi ukagwa, umagwera ochepa a pamwamba, tsoka likagwa, limafika kwa aliyense, kuyambira pansi.

Tiyambe ndi masamu a ku pulayimale. R1,000 pamwezi ndi R12,000 pachaka. Mukagawa R300 miliyoni ndi R12,000 mupeza 25,000. Ndiye kuti zimene munthu mmodzi anapeza m'chaka chimodzi zikanakwanira kuwonjezera R1,000 pamwezi kwa anthu 25,000 chaka chathunthu. Ogwira ntchito m'migodi ya Driefontein, Kloof ndi Beatrix masamu amenewa anawachita okha, ndipo anakhala pafupifupi miyezi itatu osalandira kanthu. Mu Juni anagwirizana ndi kampani kuti awonjezeredwe R1,000 chaka choyamba, R900 chachiwiri ndi R750 chachitatu.

Mbali ya kampani nayonso ili ndi mfundo, ndipo sitingazinyalanyaze. Choyamba, gawo lalikulu la R300 miliyoni silinali malipiro a pamwezi. Anali masheya amene a Froneman analonjezedwa mu 2018, mtengo wake uli wotsika, ndipo pofika nthawi yowalandira anali atakwera kangapo. Chachiwiri, phindu lalikulu la kampani silinkachokera ku golide koma ku migodi ya pulatinamu ndi zitsulo zinzake. Chachitatu, kukweza malipiro ndi mtolo umene kampani imasenza chaka ndi chaka, pomwe masheya aja anaperekedwa kamodzi. Komanso palibe angakane kuti a Froneman ndi amene anatsogolera kampaniyi kuchoka pa migodi yakale ya golide imene inapatuka ku Gold Fields mu 2013, n'kukagula Stillwater ku Montana mu 2017 ndi Lonmin mu 2019. Anaona patali, ndipo kuona patali kuli ndi mtengo wake.

Koma tifunse: n'chiyani chinakweza masheyawo? Zitsulo za palladium ndi rhodium zimagwira ntchito mu kachipangizo kosefa utsi mu ekizozi ya galimoto. Mayiko a ku Ulaya ndi China atakhwimitsa malamulo a utsi wa magalimoto, makampani opanga magalimoto anayamba kulimbirana zitsulozi. Rhodium, yomwe mu 2016 inkagulidwa pa mtengo wosafika $1,000 pa aunsi imodzi ya magalamu 31, inafika pafupifupi $29,000 kumayambiriro kwa 2021. Malamulo a utsi sanalembedwe mu ofesi ya Sibanye. Mtengo wa rhodium sunakhazikitsidwe ndi bodi ya kampani. Mlimi akhoza kusankha bwino munda, koma mvula si yake. Ndiye ngati mvula yabwino ikuwerengedwa ngati luso la bwana, bwanji isawerengedwenso ngati thukuta la amene anatulutsa mwalawo pansi?

Tsopano tione mbali ya tsoka. Mu Meyi 2018, chaka chomwe masheya aja ankalonjezedwa, nthaka inagwedezeka pa mgodi wa Driefontein ndipo anthu 7 anafera pansi. Mu 2023 mitengo ya palladium ndi rhodium inagwa, kampani inaluza ndalama zoposa R37 biliyoni, zigawo zina za migodi zinatsekedwa, ndipo anthu zikwizikwi ntchito inawathera. Masheya amene anaperekedwa nthawi ya mitengo yokwera sanabwezedwe. Amati bwana amalandira zambiri chifukwa amasenza chiopsezo. Zoona, bonasi yake imatha kutsika, ndipo nayenso akhoza kuchotsedwa. Koma chiopsezo cha munthu amene ali kale ndi mamiliyoni ku banki si chimodzi ndi cha munthu amene kalata yomuchotsa ntchito ikutanthauza kuti mwana wake asiyira sukulu panjira. Ukakhala pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame.

Izi si za Sibanye yokha, ndipo sizinayambire ku South Africa. Njira yolipira akuluakulu ndi masheya inakula kwambiri ku United States. Bungwe la Economic Policy Institute limawerengera kuti mu 1965 mkulu wa kampani yaikulu kumeneko ankalandira pafupifupi ka 20 kuposa wogwira ntchito wamba. M'zaka zaposachedwa chiwerengerochi chakhala chikuzungulira pa 300. Kodi mabwana a lero ndi anzeru ka 15 kuposa a m'ma 1960? Chimene chinasintha ndi kalipiridwe. Mu 1993 boma la a Bill Clinton linakhazikitsa lamulo loti kampani isamachotsere msonkho pa malipiro a bwana opitirira $1 miliyoni, koma linasiya khomo lotseguka pa malipiro otchedwa a "kugwira bwino ntchito". Makampani anadutsira pakhomo pomwepo, ndipo masheya anasanduka gawo lalikulu la malipiro a akuluakulu.

Palinso nkhani ya amene amasankha malipirowo. Wokumba mgodi akafuna R1,000, ayenera kudutsira ku bungwe la ogwira ntchito, kukambirana miyezi, mwina kunyanyala ntchito n'kugona ndi njala. Malipiro a bwana amasankhidwa ndi kakomiti ka mu bodi, komwe mumakhala anthu amene ambiri mwa iwo ndi mabwana kapena anakhalapo mabwana kwina. Komitiyo imalemba akatswiri kuti aone zimene mabwana a makampani ofanana akulandira. Palibe bodi imene imafuna kunena kuti bwana wathu ndi wapansi poyerekeza ndi anzake, choncho iliyonse imamuika pakati kapena pamwamba. Onse akatero, "pakati" pamakwera chaka chilichonse. Wantchito amayerekezedwa ndi munthu wosowa ntchito amene waima pageti, wokonzeka kulandira zochepa. Bwana amayerekezedwa ndi mnzake wa ku London kapena New York. Tikamati "msika ndi umene wasankha", tizikumbukira kuti pali misika iwiri, ndipo sikelo zake n'zosiyana.

Wina anganene kuti bola eni masheya akukondwa, ena onse zisawakhudze. Koma mtengo wa kusiyanaku salipira eni masheya okha. Pa 1 Meyi 2022, Pulezidenti Cyril Ramaphosa anapita kukayankhula pa mwambo wa tsiku la ogwira ntchito ku Royal Bafokeng Stadium, pafupi ndi Rustenburg. Ogwira ntchito m'migodi anamukuwiza mofuula za R1,000 mpaka anachoka asanamalize. Ameneyu ndi munthu amene anatsogolera kukhazikitsa bungwe la National Union of Mineworkers mu 1982. Mtunda wosatalika kuchokera pamenepo pali Marikana, pomwe pa 16 Ogasiti 2012 apolisi anawombera ndi kupha anthu 34 ogwira ntchito ku mgodi wa Lonmin, amene ankafuna malipiro a R12,500 pamwezi. Migodi ya ku Marikana lero ili m'manja mwa Sibanye. Anthu akasiya kukhulupirira kuti kagawidwe n'kachilungamo, mawu oti "kampani ilibe ndalama" sawamvanso, ngakhale pa tsiku limene mawuwo ndi oona.

Nkhani ya migodi ya ku Joni si yachilendo kwa ife. M'midzi yambiri ya ku Malawi muli nkhalamba zimene zinapita kumeneko kudzera ku Wenela ndi Theba. Agogo anga aamuna ndi mmodzi wa iwo. Anabwerako ndi njinga, wailesi, bulangeti ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka imfa. Golide amene anakumba anamanga Johannesburg. Iwo anamanga nyumba ya zipinda ziwiri ya malata, ndipo pamudzi ankaonedwa ngati munthu wochita bwino. Ndikamawerenga za kagawidwe ka phindu la migodi, sindiwerenga ngati nkhani ya anthu akutali.

Nanga tichite chiyani? Kuika malire okhwima kumamveka bwino, koma anthu sakugwirizana nako msanga. Mu Novembala 2013, anthu a ku Switzerland anavota pa ganizo loti bwana asalandire pamwezi zoposa zimene wantchito wotsikitsitsa amalandira pachaka, ndipo pafupifupi 65 pa 100 alionse analikana, ambiri poopa kuti makampani asamuka. Ine ndikuona njira zitatu zimene zili ndi mutu.

Yoyamba ndi kuulula. Ku United States, kuyambira 2018 makampani a pamsika wa masheya amakakamizidwa kulengeza kuti mkulu wawo amalandira kangati kuposa wantchito wapakati. Ku South Africa, kusintha kwa lamulo la makampani komwe kunasainidwa mu 2024 kuli ndi ndime zofuna kuti kusiyana kwa olandira kwambiri ndi olandira pang'ono kuziululidwa. Kuulula pakokha sikutsitsa malipiro a munthu, koma kumapatsa ogwira ntchito nambala yoti aike patebulo.

Yachiwiri ndi mpando mu bodi. Ku Germany, lamulo la 1976 limapereka theka la mipando ya bodi yoyang'anira kwa oimira ogwira ntchito m'makampani a anthu oposa 2,000. Volkswagen, BMW ndi Siemens akuyenda ndi lamulo limeneli ndipo sanagwe nalo. N'kovuta kuvomereza bonasi ya mamiliyoni pamaso pa munthu amene mwangomuuza kuti R200 yotsalayo palibe.

Yachitatu, yomwe kwa ine ndi yaikulu, ndi kugawana mwayi. Ngati kampani ikuopa kukweza malipiro a pamwezi chifukwa mitengo ikhoza kugwa, chabwino. Koma ilembe mu mgwirizano kuti chaka chimene mitengo yakwera ndipo bonasi ya akuluakulu yatuluka, gawo looneka la phindulo lipitenso kwa ogwira ntchito, pa muyeso umodzi womwewo. Makampani ambiri a migodi ali kale ndi timasheya ta ogwira ntchito, koma n'tochepa kwambiri poyerekeza ndi za ku ofesi. Ngati masheya amalimbikitsa bwana kugwira ntchito molimbika, sindikuona chifukwa chake sangalimbikitsenso wa chibowolero.

Anzanga, pa anthu onse amene tikuvala nawo gauni, amene adzakhale akuluakulu a makampani ndi owerengeka. Koma ambirife tidzakhala ma akauntanti owerengera bonasi, a HR olemba makalata ochotsa anthu ntchito, maloya olemba makontrakiti, atolankhani owerenga malipoti a pachaka. Dongosolo limeneli limayenda ndi manja athu. Tsiku lina mudzapatsidwa mafayilo awiri sabata imodzi: ina yokweza malipiro a akuluakulu, ina yofotokozera alonda ndi okolopa kuti chaka chino zinthu sizinayende. Mwina simudzakhala ndi mphamvu yokana. Koma mudzakhala ndi pakamwa pofunsa mu msonkhano kuti, "Chaka chino chinayenda bwino kapena ayi?" Yankho lake liyenera kukhala limodzi pa mafayilo onse awiri.