NDINAPITA KU MVUNGUTI WAPANSI, MWERA UTATSEKA NYANJA

Ndine mwana wa msodzi, ndinabadwira m'mbali mwa nyanja, koma mpaka July wathayu nyanjayi ndinali ndisanaionepo ndili pamwamba.

Anandiimbira foni abwana ena a ku Mvunguti kuti injini yawo, Yamaha ya 15, yasiya kulavula madzi. Amene mumadziwa injini mukudziwa kuti kabowo kaja kakauma umazimitsa pompo, apo ayi injini ipsa. Ine ndinati basi ndi impela. Vuto linali mwera. Masiku awiri palibe boti lonyamuka pa Monkey Bay, anyamata a chilimira angokhala pamchenga, usipa uli m'madzi. Mvunguti ndi umodzi mwa midzi ya mkati mwa Lake Malawi National Park, ngati Chembe, Msaka ndi Zambo, ndipo kulibe msewu wa galimoto. Ukafuna kufikako ndi boti kapena phiri.

Bambo anga anangoti, "Iwe, ife tinkapita wapansi. Dzuka kusanache, tenga madzi, ndipo usatsate njira za nkhuni." Madzi ndinatenga. Zinazo ndinamva ndi khutu limodzi. Ndinanyamuka dzuwa litatuluka kale, nditavala patapata, chikwama cha masipanala kumsana. Patapata paphiri, abale! Uku ndi kudzida.

Chitunda choyamba chinandiphunzitsa kuti mphamvu zonyamula injini n'zina, zokwera phiri n'zina. Miyala yake ndi ikuluikulu ngati nyumba, masamba ouma akuterera, masipanala akundimenya pamsana sitepe iliyonse. Mbira zikungothamanga pamiyala. Kenako ndinafika pamene njira yagawikana, ndikusankha yooneka yopondedwa bwino. Inakathera pachitsa. Ndinazungulira pafupifupi ola lathunthu, anyani akundikuwa ngati ndawabera. Anandipulumutsa ndi amayi atatu atasenza nkhuni. Mmodzi anandiyang'ana kumapazi n'kuti, "Achimwene, mukupita kuti ndi nsapato za kubafazi?" Anaseka mpaka kutula mitolo, kenako n'kundiloza njira. Amayi amenewa amakwera phirili ndi katundu woposa wanga, komanso nkhunizo amatola zouma zokha, ndi chiphaso cha a paki.

Nditafika pamwamba ndinakhala pansi, osati chifukwa cha kutopa kokha. Nyanja yonse inali pansi panga, mafunde oyera mizeremizere ngati munda wolimidwa. Malo amene bambo anga akhala akuponya ukonde moyo wawo wonse, amene ndinkaona ngati kutali kwambiri tikamapalasa, ndinawaphimba ndi chala chimodzi. Nkhwazi inkauluka mmunsi mwanga, ndinaiona kumsana koyamba. Pakiyi anaikhazikitsa mu 1980 makamaka chifukwa cha mbuna, tinsomba ta m'miyala timene ife sititiwerengera n'komwe, ndipo UNESCO inaiika pamndandanda wake mu 1984. Kusukulu tinkaloweza zimenezi kuti tikhoze mayeso basi. Pamwamba paja m'pamene ndinamvetsa chimene azungu aja amalipirira ndalama kuti akwere ndi ndodo zawo ndi majombo, ife tikumawaseka.

Kutsika ndiye kunali koipa kuposa kukwera. Patapata imodzi inaduka, ndinaimanga ndi waya. Ndinafika ku Mvunguti masana, mapazi ali matuza okhaokha.

Ndiye tamverani. Nditatsegula injini ija, impela inali bwinobwino. Kabowo kotulukira madzi kanali katatsekeka ndi mchenga. Ndinadula kachidutswa ka waya wa patapata uja, kutokosa, kuliza injini mu dilamu, madzi pyoo! Mphindi zisanu sizinakwane.

Abwana aja nkhope inasintha. "Ndiye ndikulipireni zonse zija chifukwa cha kawaya?" Anyamata onse anali chete, akundiyang'ana. Mumtima ndinkadziwa kuti ndikakwiya ndataya kasitomala, ndikagonja ndiye kuti mudzi wonse udziwa kuti makaniko uyu ndi wotchipa. Sindinayankhe. Ndinangokhala pa bwato n'kuwaonetsa mapazi. Mkulu wina amene ankasoka ukonde anati, "M'patseni mwanayu. Mukanatokosa nokha bwenzi mutapha usipa dzana."

Anandipatsa ndalama zonse kuchotsapo ya impela, imene ndinabwerera nayo. Ndinagona komweko, ndipo mwera utagwa mmawa ndinakwera boti lomwelo kubwerera ku Monkey Bay, ndi kajumbo ka usipa wouma ka amayi. Bambo atandiona ndikutsimphina sanafunse za injini. Anangoti, "Unatsata ya nkhuni eti?"