Nthenga za tambala m'madzi ozizira a phiri la Zomba

Msewu wokwera phiri la Zomba ndi wokhotakhota, ndipo ukamafika ku Chawe umayamba kufunafuna juzi imene unaipinda m'chikwama uli m'tauni. Ndinakwera phirili m'mwezi wa Seputembala, kumunsi kutayamba kale kutentha. M'mbali mwa msewu anyamata ankagulitsa masitiroberi ndi mbatata ya kachewere, pomwe amayi ankatsika pamzere atasenza mitolo ya nkhuni yotalika kuposa misinkhu yawo.

Nsonga ya phirili imapitirira mamita 2,000 kuchokera pomwe pamalekezera nyanja yamchere. N'chifukwa chake atsamunda, amene likulu lawo linali m'munsi mwa phirili, anaika m'mitsinje yake nsomba ya trout, yomwe kwawo ndi kumadzulo kwa North America. Anachitanso chimodzimodzi ku Mulanje ndi ku Nyika, ngakhalenso ku Nyanga m'dziko la Zimbabwe ndi ku Dullstroom m'dziko la South Africa. Nsombayi imafuna madzi oyera, othamanga ndi ozizira. Madzi akatentha kupitirira madigiri 20 imayamba kuvutika, akafika cha m'ma 25 imafa. Inzake ya bass, yochokeranso ku America, imapirira madzi ofunda ndipo inaikidwa m'madamu monga la Chagwa pamwamba pomwepa.

Kumtunda kwa damu la Mulunguzi ndinapeza bambo wina wachikulire atakhala pachitsa cha paini, kachitini ka nthenga kali pamwendo. Ndinagwada pang'ono n'kuwapatsa moni, kenaka ndinafunsa ngati anali kukonza zovinira gule.

"Ayi mwana wanga, iyi ndi nyambo," anatero akuseka. "Khalani pansi muone. Nyongolotsi tinazisiyira a milamba."

Kwa ife amene tinakula tikuwedza matemba ndi nsima kapena chiwala, nyambo yosadyeka ndi chinthu chovuta kumvetsa. Koma trout ndi bass zimasaka ndi maso. Zikaona kanthu kooneka ngati kansomba kovulala, zimakambwandira osayamba zanunkhiza. Nyambo yotsanzira kansomba koteroyi alendo amaitcha streamer, ndipo mtundu umene bamboyu ankamanga ndi Woolly Bugger, umene Russell Blessing wa ku Pennsylvania anayambitsa mu 1967.

Anapana mbedza yaitali pa kachitsulo kopanira, n'kutenga waya wopyapyala wa mkuwa amene anamasula m'wailesi yakufa. Anamukulunga pambedzapo mothinana, koma cha kumutu kokha, kufupi ndi kabowo kolowetsa chingwe. Pamwamba pa wayayo anazengapo ulusi wakuda kuti asaterereke. Kenaka anatenga nthenga zofewa kwambiri za nkhukundembo, zija zimagwedezeka ngakhale ndi mpweya wa m'kamwa, n'kuzimanga kumbuyo kukhala mchira wotalika ngati mbedza yomweyo. Thupi analikuta ndi ulusi waubweya wosolola pajuzi yakale. Pomaliza anasankha nthenga imodzi yaitali ya m'khosi mwa tambala, anaimanga kumchira n'kuizunguliza mopendekera mpaka kumutu, moti tinthenga take tinaima njoo ngati ubweya wa chimbalanga. Anamanga mfundo, n'kudonthezapo polishi wa m'zikhadabo. Zonsezi sizinathe mphindi 10.

Ine chimene chinandigwira mtima ndi wayayo, pakuti nzeru yonse yagona pamenepo. Nyambo yopanda cholemetsa imayandama pamwamba, pomwe nsomba zikuluzikulu zimabisala pansi pa miyala ndi mizu. Cholemetsa chikakhala kumutu, msodzi akakoka chingwe nyambo imakwera, akaleka imagwa chamutu mchira ukuvina, ndipo nthawi zambiri nsomba imaluma pa kugwa kumeneku. Ukachulukitsa waya, mbedza imakola pansi, komanso poponya ikhoza kukumenya m'khutu. Bamboyu anandionetsa chipsera. Ambiri kunja amagwiritsa ntchito mtovu chifukwa umalemera kuposa mkuwa, koma mtovu ndi chiphe kwa mbalame za m'madzi ndi kwa anthu omwe, choncho kusowa kwake kuno ine sindinakuone ngati vuto. Ya bass amaikulitsako ndi kuiwalitsa ndi timizere ta pepala lonyezimira la m'maswiti.

Awerengi amene amagwira ntchito ndi magulu a m'midzi aona kale chimene ndinaona ine. Zipangizo zake ndi za pakhomo, mpamba wake ndi mbedza ndi ulusi basi, ndipo ntchitoyi munthu angaigwire atakhala pansi, kaya ndi mayi, wachinyamata kapena wolumala miyendo. Ku Kenya kumanga nyambo zotere ndi ntchito yolembedwa, ndipo zimagulitsidwa ku Ulaya ndi ku America. Komabe tisanyengane: msika wa kuno ndi wochepa, umadalira alendo, ndipo mlendo wodziwa kuwedza sagula nyambo imene imasuka ikangoponyedwa kawiri. Tisaiwalenso kuti trout ndi bass ndi nsomba zolusa zachilendo. Kuzithira m'dziwe kapena mumtsinje wa kumudzi n'kuitanira fisi m'khola, chifukwa zimadya tiana ta nsomba zathu.

Titamaliza, bamboyu ananditengera kumtsinje nati ndipise dzanja m'madzi pamalo a mthunzi. Zala zinachita dzanzi. Tinayenda pang'ono kufika pomwe mitengo inadulidwa ndipo moto unadutsa, dzuwa likuomba madzi mwachindunji. Pamenepo dzanja ndinalisiya m'madzi osamva kanthu, ndipo pansi pake, m'malo mwa timiyala toyera, panali matope. Trout imaikira mazira m'timiyala totero, matope akakwirira mazirawo amafa.

"Kale pano ndinkabweretsa alendo," anatero. "Tsopano ndimapita nawo kumtunda, ndipo chaka chilichonse ulendo ukutalikirako."

Sananyoze amayi a nkhuni aja, poti ena mwa iwo ndi abale ake ndipo kumunsi kulibe china chophikira chotsika mtengo. Anangondikumbutsa kuti madzi omwewa ndi amene amatsikira m'damu la Mulunguzi, lomwe limamwetsa mzinda wa Zomba. Dothi likakokoloka kuno, amene sanaonepo trout chibadwire adzalimva pampopi.

Anaponya kanayi padziwe lina lakuya pansi pa mwala, akukoka chingwe pang'onopang'ono ndi kuimitsa. Kachitatu china chake chinatsatira nyambo mpaka pafupi, chinang'anima, n'kubwerera. Sitinagwire kanthu tsiku limenelo. Ndinagula nyambo zitatu ngakhale ndilibe ndodo yowedzera, ndipo iye anazibaya pakhonde la chipewa changa kuti zisandilase m'thumba. Nkhungu itayamba kutsika, anatseka kachitini kake nati afulumire kumudzi, poti mnansi wake anali kupha tambala wofiira madzulo amenewo ndipo anamulonjeza nthenga za m'khosi.